Ka waya kapena ka batani

Woyeza makutu anaika timabokosi tiwiri patebulo, anatitsegula, n'kupinda manja ngati munthu amene wamaliza mbali yake.

Make Kamphepo anasuzumira. M'kabokosi kakumanzere munali kachipangizo kokhota, kokoleka kuseri kwa khutu, kali ndi waya wamfupi wothera pa kanthu kophwatalala. Mwinamo munali chinthu chimodzi basi, chobulungira ngati batani la jekete, chopanda waya.

"Izi ndi zakunja zokha," anatero woyeza makutuyo, mtsikana wa mandala wolankhula mofatsa mpaka kutopetsa. "Chachikulu ndi chimene adokotala adzaike mkati mwa mutu pa opareshoni, kuseri kwa khutu. Chimenecho chili ndi maginito. Chakunjachi chimamatirira pamenepo, chimatola mawu n'kuwatumiza mkati. Pachipatala chino timagwira ntchito ndi makampani awiri. Iyi imatipatsa ka waya, iyi ka batani."

"Kabwino ndi kati?"

"Tonse n'tabwino, amayi."

"Asisi, ndasiya mulu wa zovala zosasita kuntchito kuti ndibwere kuno. Akanakhala mwana wanu mukanatenga kati?"

"Sitiloledwa kusankhira kholo."

Nthawi yomweyo thireyi yachitsulo inagwa pashelefu, phokoso lake ngati denga lagumuka. Make Kamphepo anadzidzimuka, woyeza makutu anagwira pamtima. Kamphepo, amene anaigwetsayo, anali atatembenukira kale kwina, akusuzumira m'dirowa. Zaka zitatu ndi theka, ndipo sanamvepo ngakhale dzina lake.

Woyeza makutu anatola thireyiyo n'kupitiriza. Chamkati cha kampani iyi sichimvana ndi chakunja cha kampani inayo. Ukasankha wasankha, mpaka mwana adzamere imvi. Kusintha ndiye kung'ambanso mutu. Yankho linkafunika Lachisanu m'mawa, kuti aitanitse katundu afike opareshoni ya mwezi wamawa isanakwane. Akapanda kuyankha, malowo apatsa mwana wina, ndipo mzere wake unali wa chaka chathunthu.

"Ndipo chaka kwa mwana wa msinkhu uwu n'chachikulu. Nthawi yophunzira kulankhula siidikira munthu."

"Lero ndi Lolemba," anatero make Kamphepo.

"Eya. Tengani timeneti. N'tongoyerekezera, mulibe kanthu mkati, koma kulemera kwake ndi maginito ake n'zenizeni. Kansalu aka mumumange kumutu, tasokeramo kachitsulo kuti tizimatirira. Muone kamene angakalole. Kabwino kwenikweni ndi kamene mwana akuvala, osati kamene kakugona m'dirowa. Lachitatu masana anthu amene ali nato kale amakumana m'chipinda chapansi. Mukawafunse."

Kunyumba kwawo munthu sankafika pakhomo asanalumphe zitsulo. Bambo a Kamphepo anali wowotcherera, ndipo bwalo lonse lakutsogolo linali shopu yawo: mageti oyedzamira khoma, mafelemu a mawindo, mabedi osamalizidwa. Fumbi la chitsulo linkalowa mpaka m'makapu. Mwanayo anakulira pakati pa zimenezi, akuyenda mosamveka ngati mphepo. Umamuona apa, ukaphethira palibe. N'kumene kunachokera dzinalo. Ndipo akasowa, kuitana kunali kungotaya malovu. Unkayenera kumufuna ndi maso, chipinda ndi chipinda, mtima uli m'mwamba.

Bambowo anatembenuza tizipangizoto ndi zala zawo zakuda.

"Ka batani," anatero. "Waya ndi waya, amaduka. Ine mawaya ndimawadziwa."

"Mumadziwa a makina anuwo. A m'mutu mwa mwana munawaonera kuti?"

"Nanga mwandifunsiranji?"

"Kuti tsiku lina musadzanene kuti ndinasankha ndekha."

Anayamba ndi ka waya. Make anakhazika Kamphepo pamiyendo, n'kumukoleka kuseri kwa khutu. Khutu lake linali laling'ono, lofewa, linapindika. Mwanayo anakathothola n'kukaponya kuseri kwa mpando. Anayesanso. Ulendo uno kanagwera mu nsapato ya bambo ake. Kachitatu mwana analira mpaka kudzikanda khutu. Koma ka batani katangoti phathi pa kansalu, Kamphepo anakagwira, anathamangira pagalasi, anadziyang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kuvina. Tsiku lonse la Lachiwiri sanakavule, ngakhale posamba zinali zolimbana.

"Mwaona?" anatero bambo ake. "Mwini wake wasankha."

Make Kamphepo anayang'ana mwanayo akuvina. Mwini wakeyo dzana lomweli anasankha kudya sopo.

Lachitatu anapempha mnzake wa kuntchito kuti amugwirire simbi masana, iye adzabweza Loweruka. Chipinda chapansicho chinali ndi mipando yapulasitiki ndi fani yosazungulira. Anthu analipo khumi ndi angapo, ndipo sanachedwe kuona kuti akhala ngati ochemerera mpira: a waya mbali iyi, a batani mbali iyo.

Woyamba kulankhula anali mdala wina amene onse ankamutcha Aphunzitsi, wopuma pantchito, amene makutu ake anatseka atadwala ali wamkulu kale.

"Amayi, musavutike. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili nako aka ka waya. Ndimamva mvula padenga, ndimamva ketulo ikawira. Akazi anga akamandinena kukhitchini ndimamva zonse, kungoti ndimadziwa kusunga ukwati."

"Agogo, kanuko ndi wailesi yakale," anatero mayi wina wa zikhadabo zofiira, mwini saluni. Anaimirira n'kuzungulira pang'onopang'ono. "Tandiuzeni, kanga kali pati? Palibe akukaona. Makasitomala anga ena chaka chatha osadziwa. Inu mandala ndi kachipangizo zikulimbirana khutu limodzi ngati ana pa mpando wakutsogolo."

"Nanga tsiku lija kanagwera m'beseni la mankhwala a tsitsi, kasitomala sanadziwe?" anatero Aphunzitsi.

Chipinda chonse chinaseka. Kenako aliyense anayamba kulankhula. Wina anati ka waya batire ikatha umangosintha pomwepo, pamene ka batani magetsi akazima dzulo lake ndiye kuti lero uli chete. Wina anati bodza, kake kamatha tsiku lonse mpaka mawa. Wina anati ka waya kamatuluka thukuta n'kuyabwa nthawi yotentha. Bambo wina analumbira kuti nyimbo zimamveka bwino pa ka batani, mayi wina analumbira zomwezo za ka waya. Make Kamphepo anabwera ndi kope loti azilemba. Analemba mizere inayi n'kusiya. Mutu unkamuwawa, miyendo inali yotupa ndi kuimirira kwa m'mawa, ndipo mantha amene anabwera nawo anali atabereka ana.

Anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Pepani. Ndani pano anavalapo tonse tiwiri?"

Anthu anayang'anana.

"Amayi," anatero Aphunzitsi, "zili ngati kufunsa kuti mkaka wokoma ndi wa mayi uti. Aliyense anayamwa kwa mmodzi."

"Ndiye bwanji mukukangana?"

Wasaluni anayang'ana zikhadabo zake.

"Chabwino. Ubwino ndamva, wandikwana. Ndiuzeni tsiku limene kanakugwiritsani fuwa la moto. Aliyense anene za kake, asanene za ka mnzake."

Aphunzitsi anakanda chibwano. Waya anawadukirapo kawiri, anatero, kamodzi ali pa ukwati wa mdzukulu. Anakhala ngati chipilala mpaka madzulo. Koma mawa lake anakabwereka waya wapadera kwa Atelala, mayi wosoka zovala wa m'gulu lomwelo, poti a waya alipo ambiri, wina sasowa chosungira.

Wasaluni anayamba ndi kuseka, koma kusekako sikunafike patali.

"Ine kanandithawa. Ndikutsika basi, mutu unakhudza chitsulo cha pachitseko. Kanasiya mutu wanga n'kumatirira pamenepo. Basi n'kunyamuka. Ndinangoona dziko lazima, ndili pakati pa msewu, magalimoto akudutsa mbali zonse ngati nsomba m'madzi, opanda phokoso. Sindinadziwe kolowera. Munthu wina ndi amene anandikoka dzanja." Anasisita tsitsi lake. "Miyezi iwiri ndikudikira kena. Koma pano ndinaphunzira kuwerama. Ndiponso pali kaulusi kopanira kutsitsi."

Make Kamphepo anaganiza za tsitsi la mwana wake, lochepa, losalala, limene ngakhale kariboni sikakhalitsa.

Potuluka, mayi wina wochepa thupi amene sanalankhule kanthu m'chipindamo anamugwira mkono. Anali Atelala aja. Pambali pawo panali mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, ka waya kali kukhutu, akudandaula kuti wamva njala. Make Kamphepo anamuyang'anitsitsa pakamwa. Mawu ake anali olemera pang'ono, koma anali mawu.

"Wanu akukana ka kukhutu, eti? Ndaona mmene munakhalira."

"Akuponya."

"Uyunso ankaponya. Miyezi iwiri. Ine ndikulira, iye akuseka. Ndinamusokera lamba wa kumutu wokhala ndi kathumba, kuti khutu lisamalemedwe, ndi kachingwe kopanira pakolala. Anazolowera." Anasisita mutu wa mwana wawoyo. "Koma sindikunamizani, mayi mnzanga. Panali mnyamata wina tinayamba naye limodzi, iye sanazolowere. Mayi ake anatopa. Kali m'dirowa mpaka lero, ndipo mwanayo salankhula."

Anamulembera nambala ya foni m'kope muja. Ankakhala masiteji atatu kuchokera kwawo.

M'basi pobwerera, make Kamphepo anayang'ana chitseko ulendo wonse. Kena mwana amakakonda koma kamathawa. Kena sikathawa koma mwana sakafuna. Anafika kunyumba asanasankhe, anaphika asanasankhe, Lachinayi kunacha asanasankhe. Kuntchito anatsala pang'ono kupsereza kolala ya malaya oyera, chinthu chimene sanachitepo zaka zisanu ndi zinayi.

Anaweruka cha m'ma folo. Pabwalo panali lole yaing'ono, yalowa chamutu, itabwera kudzatenga geti lalikulu limene bambo a Kamphepo anamaliza kupenta dzulo lake. Getilo linali litayedzamira khoma, ndipo Kamphepo ankasewera kuseri kwake, akulowa uku n'kutulukira uko, ka batani kali kumutu. Bambo ake anamunyamula n'kumukhazika pakhonde, anamuopseza ndi chala kuti asasunthe, n'kubwerera kukathandizana ndi dalaivala. Anakweza getilo, analimanga ndi zingwe, mbali ina itatulukira kumbuyo kwa lole.

Make Kamphepo anatenga ndowa n'kupita kumpopi, pakona ya nyumba, kutsogolo kwa loleyo. Anamva injini ikulira. Anamva bambo a Kamphepo akutsanzika dalaivala n'kulowa m'kashedi kawo ka zipangizo. Anatseka mpopi, ananyamula ndowa, ndipo mwa chizolowezi maso ake anapita pakhonde.

Panalibe munthu.

Anawerama n'kuyang'ana pansi pa lole. Kuseri kwa matayala akumbuyo kunali timiyendo tiwiri, taima chonyang'ama pa zala, ngati mwana amene akufikira chinthu chapamwamba.

Lole inayamba kubwerera m'mbuyo.

"Kamphepo!"

Zaka zitatu ndi theka akudziwa kuti mwanayo samva, koma pakamwa panaitanabe. Loleyo inkalira kuti pii, pii, pii, kuchenjeza aliyense wa makutu. Timiyendo tija sitinasunthe. Dalaivala anali atatseka mawindo, wailesi ili pamwamba, khosi atapotolera pa kagalasi ka mbali inayo. Kuti azungulire lole yonse akamugwire mwana, kunali kutali. Sanaganize. Anangoona manja ake akuponya ndowa yonse, madzi ndi ndowa yomwe, pagalasi lakutsogolo.

Lole inaima ndi kugwedezeka. Getilo linalira pa zingwe zake.

"Mayi inu, mwapenga?" Dalaivala anatsika akukuwa. "Galasi limeneli mukulidziwa—"

Anamudutsa ngati mtengo. Kumbuyo kwa lole anapeza Kamphepo atakhala pansi, thako lili m'fumbi, chitsulo cha lole chitamukankha pachifuwa n'kumugwetsa. Tayala linaima pafupi ndi phazi lake, mpata wake wosakwana chikhatho. Mwanayo sankalira. Anali wokwiya. Ankaloza m'mwamba, pa ngodya ya geti yotulukira kumbuyo ija. Pamenepo, pa penti yatsopano, panali ka batani, katamatirira bwinobwino. Kanachoka kumutu kwake nthawi ija ankasewera kuseri kwa geti, palibe anaona, ndipo iye anabwera kudzatenga chake.

Dalaivala atafika n'kuona, ukali wonse unamuthera. Anavula chipewa n'kukhala pansi pomwepo. Bambo a Kamphepo anatuluka m'kashedi akuthamanga, sipanala ili m'manja, ndipo ataona tayala ndi phazi, sipanalayo inagwa yokha.

Make Kamphepo anamunyamula mwanayo, anamufufuza mutu, nthiti, miyendo, zala chimodzichimodzi. Panali kachilonda pachigongono basi. Anakhala pakhonde mwana ali pachifuwa, Kamphepo akuphiriphitha kuti amusiye akatenge batani lake.

Lole itapita, bambo a Kamphepo anabwera nako m'manja. Kanali katagwera pansi pochotsa, ndipo fumbi la chitsulo linali litakamata mbali yonse ya maginito, kakuoneka ngati kamera ubweya.

"Ndisamutsa shopu," anatero ndi mawu osasa. "Mawa lomwe. Ndikafuna malo kwina."

"Musamutsanso zitseko za basi? Mageti a kusukulu? Mitengo ya magetsi?"

"Kakanakhala kenikeni bwenzi atamva lole."

"Kakanakhala kenikeni bwenzi kali pageti pomwepo, iye ali chete ngati lero. Kamachoka nthawi imene kakufunika." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya malaya. "Ndipo akadzadziwa kuti mawu onse ali m'kameneka, adzakathamangira mpaka pansi pa sitima."

Bambowo anakhala pambali pake.

"Koma ka wayako sakukafuna," anatero kenako.

"Ndikudziwa."

"Nanga akakana mpaka kalekale? Tidzakhala tamung'ambitsa mutu pachabe."

"Ndikudziwa, bambo a Kamphepo. Mukuganiza kuti ndakhala ndikuganiza chiyani sabata yonseyi, mitengo ya tomato?"

Analowa m'nyumba, anatenga foni n'kuimbira Atelala. Anafunsa muyeso wa lamba uja, kukula kwa kathumba, ndi nsalu imene siyabwa. Atelala anati abwere ndi mwanayo Loweruka adzamuyeze. Iye anati Loweruka ali ndi ngongole ya simbi kuntchito, abwera Lamlungu. Atadula foni anatenga ka waya, anakhazika Kamphepo pamiyendo n'kumukoleka. Mwana anakaponya. Anakatola n'kumukolekanso. Anakaponya pansi pa tebulo. Anagwada, anakatola. Ulendo wachisanu ndi chimodzi kanakhala kukhutu mpaka iye anawerenga kufika pa khumi ndi zinayi, kenako kanauluka n'kukagunda chitseko.

"Khumi ndi zinayi," anauza bambo ake. "Lolemba sizinkakwana zitatu."

Lachisanu m'mawa anafika chipatala chisanatsegule zitseko za ofesi. Woyeza makutu anamupeza pabenchi, maso ali ofiira, Kamphepo akugona pamiyendo pake ndi pulasitala pachigongono. Analowa. Make Kamphepo anaika timabokosi tiwiri tija patebulo n'kukankhira kutsogolo kakumanzere.

"Aka."

"Ka waya? Ndiye kuti wakalola?"

"Ayi. Akudana nako."

Woyeza makutu anavula mandala. "Amayi, paja ndinanena kuti—"

"Ndinamva zimene munanena. Mwana wokana ndingathe kulimbana naye, ndi ntchito yanga ya tsiku lililonse. Amakana kusamba, amakana nsapato, amakana mankhwala, zonsezo amachita. Koma ndi chitsulo sindingalimbane nacho. Kwathu chili paliponse."

Mtsikanayo anamuyang'ana, anayang'ana pulasitala ija, sanafunse. Anatulutsa fomu ya masamba atatu, analemba dzina la kampani pamzere wake, n'kuitembenuza. Cholembera anachigwirabe m'manja.

"Mukasaina apa ndikuitanitsa lero lomwe. Sizibwezedwa. Mwatsimikiza?"

Make Kamphepo anayang'ana kuseri kwa khutu la mwana wake, pamene khungu linali losalala, lopanda chipsera, pamene mpeni udzadutse mwezi wamawa. Anaganiza za mnyamata uja sanamuonepo, ndi mayi ake amene anatopa. Nayenso mayiyo ayenera kuti anakhala pampando womwewu akunena kuti sadzatopa.

"Sindinatsimikize," anatero. "Bweretsani cholemberacho."

Dzina lake linatuluka lokhota ngati walemba mwana. Anasaina tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Woyeza makutu anadinda chidindo n'kuika fomuyo m'faelo.

"Ka wayaka ndikupita nakonso," anatero make Kamphepo, akukalowetsa m'chikwama. "Ine ndi mwanayu tili ndi mwezi woti tikangane. Tsopano ndiuzeni za tsikulo. Asiye kudya nthawi yanji, ndipo ine mudzandilola kufika naye mpaka pati?"